Tili ndi ana koma sitinamangitse ukwati: mapepala amene tinakonza ine ndi bambo a ana anga

"Mayi, inu ndinu ndani wawo?" Namwinoyo anafunsa cholembera chili m'manja, fomu ili patebulo. Bambo a ana anga anali kuseri kwa chitseko, osadziwa kanthu, atakomoka kuntchito masana a tsiku lomwelo. Ndinayankha kuti timakhala nyumba imodzi, takwanitsa zaka 9, ndipo tabereka ana awiri. Anandiyang'ana mwachifundo n'kufunsanso: "Koma ndinu akazi awo a ukwati?" Ndinati ayi. Analemba kenakake, kenako anandiuza kuti pakhadi lawo la kuntchito pali dzina la achimwene awo, ndipo ndi amene adokotala akambirane nawo akafika.

Madokotala sanadikire munthu kuti ayambe kuwathandiza, zimenezo ndiyamikire. Alamu anganso, poti ndimawatcha choncho ngakhale lamulo silitero, ndi munthu wabwino, ndipo chilichonse chimene ankauzidwa ankadzandifotokozera pakhonde. Koma taganizani: za munthu amene ndimagona naye chipinda chimodzi, amene ndimadziwa mankhwala omwe thupi lake limadana nawo, ndinkazimva kudzera pakamwa pa wina. Anakhala m'chipatala masiku 11. M'masiku amenewo lendi inakwana, kusukulu anatumiza kalata ya fizi, ndipo ndalama zonse zinali mu akaunti ya dzina lawo lokha. Nambala yachinsinsi ya khadi ndinkaidziwa, koma ndinkadziwanso kuti zinthu zikanaipa, wachibale aliyense akanatha kundifunsa kuti ndinatapa ndalamazo ndi chilolezo cha ndani.

Atachira tinagula fayilo yapulasitiki ya buluu n'kuyamba kuidzaza. Zinatitengera miyezi 7, kukangana kuwiri, ndi maulendo atatu kwa loya. Ndikulemba zimene tinachita, komanso ndondomeko imene ndikanatsata ndikanati ndiyambirenso.

Zaka zambiri pazokha si ukwati

Ine ndinkakhulupirira zimene anthu ambiri amakhulupirira, zoti mukakhala limodzi zaka zingapo, boma limangokutengani ngati banja. Ichi ndiye choyamba kufufuza, chifukwa dziko lililonse lili ndi yankho lakelake, ndipo mayankhowo amatalikirana kwambiri.

Ku England ndi ku Wales, ngakhale mukhale limodzi zaka 30, mnzanu akamwalira osasiya wilo simulandira kanthu mwa inu nokha. Chimene mungachite n'kukapempha kukhothi pansi pa lamulo la 1975, ndipo kuti mupemphe ngati munthu amene ankakhala naye, muyenera kukhala kuti munakhala limodzi zaka ziwiri zathunthu imfa isanachitike. Ku France kuli mgwirizano wolembetsa kuboma wotchedwa PACS, umene unayamba mu 1999, koma ngakhale amene anaulembetsa salandira chuma chamasiye cha mnzawo popanda wilo. Ku South Africa, mpaka mu December 2021 m'pamene khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti mwamuna kapena mkazi amene ankakhala ndi mnzake mokhazikika popanda ukwati asasiyidwe kunja pogawa chuma cha womwalira wopanda wilo. Ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wobwera chifukwa chokhalira limodzi nthawi yaitali, koma ndi khothi limene liyenera kutsimikiza zimenezo, ndipo limayang'ana ngati mwakhala zaka zosachepera 5, mmene mumathandizirana pa ndalama, katundu amene muli naye, ana, ndi mmene anthu amakudziwirani.

Mwaona chimene chikufanana m'malo ambiri? Ngakhale kumene lamulo lili kumbali yanu, muyenera kukaima pamaso pa woweruza ndi umboni, nthawi imene muli pa chisoni, mwinanso achibale a malemu akutsutsa kuti munali chibwenzi chabe. Mapepala amene ndikunenawa ntchito yake n'kuti musadzafike pamenepo.

Palinso chinthu chimodzi chimene muyenera kufunsana mosabisa: kodi pali mmodzi wa inu amene anamangitsapo ukwati ndi munthu wina, ndipo ukwatiwo sunathetsedwe kukhothi? Kupatukana nyumba, ngakhale kwa zaka 15, sikuthetsa ukwati. Pamaso pa lamulo, mkazi kapena mwamuna wakaleyo akadali woyamba pamzere wa chuma, ndipo nthawi zambiri wa penshoni. Ngati zili choncho kwanu, siyani kaye zina zonse, yambani ndi chimenechi.

Ena anena kuti, bwanji osangokwatirana basi? Funsolo ndi labwino, ndipo n'zoona kuti chikalata chimodzi cha ukwati chimatseka mabowo ambiri nthawi imodzi. Ife tili ndi zifukwa zathu, inunso muli ndi zanu, ndipo ana sangadikire kuti zifukwazo zithe.

Yambani ndi chikalata cha kubadwa

Tulutsani zikalata za kubadwa za ana anu lero lomwe, muziwerenge ngati mukuziona koyamba. Ife titatero tinapeza kuti cha mwana wathu wachiwiri chinalibe dzina la bambo ake. Tsiku lolembetsa iwo anali paulendo wa kuntchito, ine ndinali wotopa ndi khanda la masiku ochepa, ndipo wolembayo anati poti sitili pa ukwati, dzina la bambo silingalowe iwo palibe. Ndinati tidzakonza. Mwanayo anafika zaka 4 malowo adakali opanda kanthu.

Chifukwa chake n'chakuti, m'malamulo a mayiko ambiri, mwana wobadwa m'banja la ukwati amangotengedwa kuti ndi wa mwamuna wa mayiyo, pamene wobadwa kwa anthu osakwatirana amafunika kuti bambo avomereze okha, polemba. Mayi amene wabereka amakhala ndi udindo ndi mphamvu zonse pa mwana kuyambira tsiku loyamba, bambo osakwatira ayi, mpaka china chake chichitike. Ku England ndi ku Wales, bambo wotere amapeza mphamvu za kholo ngati dzina lake lili pa chikalata cha kubadwa cholembetsedwa kuyambira pa 1 December 2003. Ku South Africa lamulo la ana la 2005 limam'patsa mphamvuzo ngati ankakhala ndi mayiyo mokhazikika pamene mwana ankabadwa, kapena ngati wavomereza kuti ndi bambo ndipo wakhala akuthandiza kulera ndi kusamalira mwanayo. Choncho funsani mafunso awiri, osati limodzi: dzina lilipo kodi, nanga dzinalo likupereka mphamvu zonse kapena pakufunika chikalata china?

Musaope kuti mwana wanu ndi wochepera ena pamaso pa lamulo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe linavomerezedwa pa 20 November 1989 ndipo pafupifupi mayiko onse analilandira, limanena mu gawo 7 kuti mwana alembetsedwe akangobadwa, ndipo mu gawo 18 kuti udindo wolera ndi wa makolo onse awiri. Pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa ana la 1990 limanenanso mosapita m'mbali kuti mwana asamanidwe chisamaliro chifukwa choti makolo ake sali pa ukwati. Ufulu ulipo. Vuto limabwera pa umboni. Bambo akamwalira dzina lawo lisanalowe, mwana angafunike kupita kukhothi, mwina mpaka kuyezetsa DNA ndi achibale a malemu, kuti alandire chake. Bambo ali moyo, ife zinatitengera fomu imodzi, ziphaso zathu ziwiri ndi kudikira masabata angapo.

Mafomu amene munaiwala kuti munasaina

Apa m'pamene panatuluka mkangano wathu woyamba. Ndinawapempha kuti akatenge kuntchito kope la fomu ya penshoni. Atabwera nayo madzulo, anaiika patebulo chafufumimba. Pamalo pa wolandira panali dzina la mayi awo, amene anamwalira kalekale, ndipo pa inshuwaransi ya moyo panali dzina la mkazi amene anali naye pa chibwenzi tisanakumane. Ndinakhala chete nthawi yaitali. "Mayi a ana, ndinasaina tsiku limene ndinkayamba ntchito, sindinaiganizirenso," anatero. Ndinawakhulupirira, koma usiku umenewo ndinagona nditayang'ana kukhoma. Mawa lake ndinakatenga yanga, n'kupeza kuti inenso ndinalemba mchemwali wanga yekha, ana osawatchula.

Mafomu amenewa ndi amphamvu kuposa mmene amaonekera. Ndalama za inshuwaransi ya moyo nthawi zambiri zimapita kwa amene dzina lake lili pa fomu, osadutsa mu wilo n'komwe. Mukhoza kulemba wilo yokongola yopatsa ana zonse, kampani n'kulipira munthu amene munasiyana naye zaka 10 zapitazo. Za penshoni zimasiyanako, chifukwa m'malo ambiri oyang'anira thumba la penshoni ali ndi ufulu woganizira onse amene ankadalira malemu, koma fomu yanu ndiyo imawauza kumene ayambire kuyang'ana. Lembani mndandanda wa malo onse amene anakufunsanipo za wolandira kapena wachibale woyandikira: kuntchito, penshoni, inshuwaransi ya moyo, ya maliro, ya kuchipatala, kubanki, kusukulu kwa ana. Pitani malo amodzi amodzi, sinthani, ndipo pemphani kope losonyeza kuti alandira. Sizifuna loya, ndipo ndikanati ndisankhe ntchito imodzi yoti muchite sabata ino, ndi imeneyi.

Chenjezo limodzi: kulemba dzina la mwana wazaka 6 kuti ndiye wolandira sikutanthauza kuti ndalamazo zidzafika m'manja mwa amene akumulera. Mwana sangagwire chuma chake mpaka atakula, m'mayiko ambiri pa zaka 18, ndipo ndalamazo zingakasungidwe ku ofesi ya boma kapena kwa munthu wosankhidwa ndi khothi. Funsani kampaniyo kuti imatani wolandira akakhala wamng'ono.

Wilo, ndi funso limene tinkalithawa

Bambo a ana anga ankati kulemba wilo kuli ngati kudziitanira imfa. Nditawakumbutsa za masiku 11 aja, anangoti, "Chakudza sichiimba ng'oma," n'kuvala nsapato.

Aliyense alembe wilo yakeyake. Mmenemo muli zinthu zitatu zikuluzikulu: ndani alandire chiyani, ndani ayendetse ntchito yogawa chumacho, ndipo ndani alere ana ngati nonse awiri mutapita. Kalembedwe kali ndi malamulo okhwima. M'mayiko ambiri amene malamulo awo anachokera ku England, wilo iyenera kukhala yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, ndipo mbonizo zisainenso. Mboni isakhale munthu amene akulandira kanthu mu wilomo, kapena mkazi kapena mwamuna wa wolandirayo, chifukwa mphatso yakeyo ikhoza kufafanizika. Tanthauzo lake n'lakuti mnzanu amene mukumusiyira nyumba asakhale mboni yanu, ngakhale ali pafupi ndipo cholembera chili m'manja. Ife tinatenga anzathu awiri akuntchito omwe sakulandira kanthu.

Mu wilo musalembe kuti "mkazi wanga" kapena "mwamuna wanga" basi. Loya wathu anatiletsa, chifukwa mawu amenewo wina akhoza kudzawatsutsa kuti malemu analibe mkazi wa ukwati. Lembani dzina lonse monga lilili pa chiphaso, ndi tsiku lobadwa. Anawonso atchuleni mayina, n'kuwonjezera mawu okhudza ena amene angadzabadwe. Ngati mmodzi wa inu ali ndi mwana kwina, amutchule. Kumubisa sikumuchotsera ufulu, kumangosiyira amoyo mlandu.

Tsopano funso lija. Tinakhala pakhonde ana atagona, ndipo ndinafunsa kuti, tonse titafa pangozi imodzi, ana apite kwa ndani? Iwo anayankha msangamsanga kuti kwa achimwene awo. Ine ndinati kwa mchemwali wanga. Tinakokana mpaka usiku, aliyense akuteteza magazi ake, ndipo tinagona osagwirizana. Chinatithandiza n'chakuti sabata yotsatira tinasiya kutchula mayina n'kuyamba kutchula zimene ana akufunika. Asasiyanitsidwe. Asachoke pasukulu pakati pa chaka ngati n'kotheka. Akhale ndi munthu amene adzalole kuti aziyendera mbali zonse ziwiri za abale. Akhale ndi munthu wa msinkhu woti adzafike nawo pa zaka 18 ali ndi mphamvu. Titayeza choncho, tinapeza kuti mchemwali wanga ndiye woyenera kuwalera, koma alamu anga, amene amasunga malisiti a zaka zisanu m'bokosi, ndiwo oyenera kusunga ndalama zawo. Ntchito ziwirizi n'zosiyana ndipo mukhoza kuzipereka kwa anthu awiri. Ine ndikuona kuti n'kwabwino kutero, chifukwa wolera sakhala ndi chiyeso, ndipo wosunga chuma amakhala ndi womufunsa.

Kenako tinapita kukawapempha onse awiri, maso ndi maso. Musalembe munthu osamuuza. Mchemwali wanga analira, n'kupempha masiku atatu kuti akambirane ndi amuna ake, ndipo ndinamulemekeza kwambiri chifukwa cha masiku atatuwo. Tinalembanso munthu wachiwiri, kuchitira kuti woyambayo angadzadwale kapena kukana nthawi itafika.

Dziwani malire a zimenezi. Amene mwamusankha mu wilo nthawi zambiri amayamba ntchito pokhapokha ngati palibe kholo lamoyo lokhala ndi mphamvu pa mwanayo, ndipo mawu omaliza amakhala a khothi, lomwe limayang'ana chimene chili chokomera mwana. Koma woweruza akaona kuti makolo onse awiri analemba dzina limodzi, ndi zifukwa zake, sazitaya wamba. N'chifukwa chake ife tinawonjezera kalata ya tsamba limodzi yofotokoza chimene tinasankhira choncho.

Mukadzakwatirana m'tsogolo, bwererani kwa loya. Ku England ndi m'mayiko ena ambiri, ukwati umafafaniza wilo imene inalembedwa ukwatiwo usanachitike, pokhapokha ngati inalembedwa moganizira ukwati umenewo.

Mwana wanga woyamba

Ndinalowa m'nyumba muno ndili kale ndi mwana wamkazi wazaka zitatu. Panthawi ya matenda aja anali ndi zaka 12. Amene anam'phunzitsa kupalasa njinga, amene amasaina lipoti lake la kusukulu, amene mwanayo amawatcha "adadi", ndi bambo a ang'ono ake. Loya atatiuza kuti pamaso pa lamulo iwo ndi mlendo kwa mwanayu, ndinaona nkhope yawo ikugwa. Ine nditamwalira, bambo ake omubereka, amene anamuona komaliza ali ndi zaka 5, ndi amene lamulo lingayambe kuwayang'ana. Bambo a ang'ono akewo atamwalira opanda wilo, mwanayu sangalandire ngakhale supuni, pamene ang'ono ake akulandira.

Mbali ya chuma inali yosavuta: anamutchula dzina mu wilo yawo ndi pa fomu ya inshuwaransi, mofanana ndi enawo. Mbali ya udindo wolera ndiyo yolimba. Njira zilipo, koma zimadalira dziko: kumutenga kukhala mwana wawo mwalamulo, zimene kawirikawiri zimafuna chilolezo cha bambo omubereka ndipo zimadula ubale wa lamulo ndi mbali imeneyo, kapena kupempha khothi kuti liwapatse udindo wa kholo popanda kuchotsa wa wina. Tinamufunsa mwanayo maganizo ake, poti nkhaniyi ndi yake kuposa yathu, ndipo pangano la 1989 lija, mu gawo 12, limati mwana amene watha kuganiza payekha amvedwe pa zimene zikumukhudza. Anati akufuna kukhala ndi ang'ono ake, koma sakufuna kusintha dzina la bambo ake. Tinasankha njira yachiwiri. Podikira zimenezo, ndinalemba kalata yosainidwa yowapatsa chilolezo chomutengera kuchipatala ndi kumuimira kusukulu, ndipo kope lake lili ku ofesi ya aphunzitsi aakulu.

Pamene munthu ali moyo koma sangathe kulankhula

Wilo imagwira ntchito munthu akamwalira. Masiku 11 aja wilo sikanandithandiza chilichonse. Chimene chinkafunika ndi chikalata chimene maloya amachitcha power of attorney, chopatsa mnzako mphamvu yokuchitira zinthu. Funsani bwino mtundu wake, chifukwa m'malamulo ambiri chikalata wamba chotere chimatha mphamvu mwini wake akangolephera kuganiza payekha, ndiye kuti chimafa pa nthawi yeniyeni imene mukuchifuna. Ku England kuli cha mtundu wina chotchedwa lasting power of attorney, ku United States amati durable, ndipo zimenezi zimapitirira ngakhale munthu atakomoka. Kumene kulibe zotere, njira imakhala yopita kukhothi, ndiye m'pofunika kudziteteza mwanjira zina. Chikalata chilichonse cha mtunduwu chimathera pa imfa.

Za kuchipatala lembani padera: ndani auzidwe za matenda anu, ndani afunsidwe maganizo, ndi zimene inuyo mungafune mutadwala kwambiri. Lembaninso kumene mukufuna kudzaikidwa ndi amene atsogolere mwambo wa maliro, n'kuwauza abale mudakali moyo, chifukwa wilo nthawi zambiri imawerengedwa maliro atapita kale.

Ife tinatsegulanso akaunti ya tonse awiri, yoti aliyense akhoza kusaina yekha, ndipo mmenemo timasungamo ndalama zokwana lendi, chakudya ndi fizi za miyezi itatu. Funsani banki yanu chimene imachita ndi akaunti yotere mmodzi akamwalira, poti mabanki ndi malamulo amasiyana. Aliyense wa ife ali ndi akaunti yakeyakenso.

Nyumba, katundu, ndi tsiku limene simukulifuna

Yang'anani dzina limene lili pa chikalata cha nyumba, cha malo, cha galimoto, ndi pa mgwirizano wa lendi. Anthu okwatirana akasudzulana, khothi limakhala ndi mphamvu yogawa katundu moganizira zimene aliyense anachita, ngakhale kulera ana ndi kusamalira pakhomo. Kwa osakwatirana, m'malo ambiri, amayamba kuyang'ana dzina la pa pepala. Mukhoza kukhala kuti inuyo munkagula chakudya ndi kulipira fizi zaka 10 kuti mnzanu azitha kubweza ngongole ya nyumba, koma nyumbayo n'kukhala yake yekha. Izi zimagwera kwambiri amene anasiya ntchito kuti alere ana, ndipo kawirikawiri amakhala mayi.

Mukamagula limodzi, mayina onse awiri alowe, ndipo funsani kuti umwini wake ndi wa mtundu uti. Pali umene maloya amati joint tenancy, pamene mmodzi akamwalira gawo lake limangopita kwa wotsalayo. Palinso tenancy in common, pamene aliyense ali ndi gawo lake, ndipo gawolo limatsata wilo yake. Kwa ife amene tili ndi mwana wa mbali imodzi, kusiyana kumeneku kunali kwakukulu, ndipo tinakhala ola lathunthu ndi loya pa mfundo imeneyi yokha.

Kenako pali mgwirizano wa anthu okhalira limodzi. Uwu ndiwo unabweretsa mkangano wachiwiri, chifukwa iwo anamva ngati ndikukonzekera kuchoka. Ndinawauza kuti, "Bambo, lero tikukondana, ndiye lero m'pamene tingagawane mwachilungamo." Mmenemo tinalemba zimene aliyense anabwera nazo, zimene tagula limodzi, ngongole ya ndani ndi ya ndani, amene angatsale m'nyumba ndi ana titapatukana, ndi nthawi imene winayo angapatsidwe kuti apeze pokhala. Aliyense anauwerenga ndi womulangiza wake, kuti wina asadzanene kuti anakakamizidwa, ndipo tinasaina pamaso pa mboni. Za ana tinalembamo zolinga zathu, monga kuti azidzaonana ndi makolo onse awiri ndi mmene tingagawanire fizi ndi za kuchipatala, koma tikudziwa kuti makolo sangagwirizane zomulanda mwana chisamaliro chake, ndipo khothi likhoza kusintha chilichonse chimene silikuona kuti chikumukomera. Sungani malisiti a zinthu zikuluzikulu, ndipo ndalama zazikulu muzitumizirana kudzera kubanki kuti pakhale potsalira.

Ngati mumachokera mayiko awiri osiyana, kapena mmodzi amagwira ntchito kunja, wonjezerani zina ziwiri. Fufuzani ngati mwana angatenge unzika wa bambo ake pamene makolo sali pa ukwati, chifukwa mayiko ena amafuna kuti ubambo utsimikizidwe mwana asanafike msinkhu winawake. Ndipo dziwani za pangano la mayiko la 1980 la ku Hague, mzinda wa ku Netherlands, lothandiza kubweza mwana wosakwana zaka 16 amene kholo limodzi lamutengera kudziko lina popanda chilolezo. Limagwira ntchito pakati pa mayiko amene analowa m'panganolo, ndipo limateteza kholo limene lili ndi mphamvu zolera mwanayo mwalamulo. Bambo amene sanakonze zija za chikalata cha kubadwa akhoza kupeza kuti panganoli silimufikira. Paulendo wamba, kholo loyenda lokha ndi mwana litenge chikalata cha kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya mnzake, makamaka ngati dzina la mwana likusiyana ndi lake.

Kumene fayilo imakhala

Wilo zenizeni zili kwa loya, makope ali mu fayilo ya buluu ija, ndipo mchemwali wanga ndi alamu anga akudziwa shelefu imene imakhala. Patsamba loyamba tinalemba mndandanda wa maakaunti, manambala a zikalata za inshuwaransi, ngongole zimene tili nazo ndi anthu oyenera kuwaimbira. Pokaonana ndi loya, pitani ndi mndandanda wotere ndi mafunso olemba kale, nthawi imachepa ndipo simuiwala kanthu. Ngati ndalama za loya palibe, funsani za ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, mabungwe a ufulu wa amayi ndi ana, kapena sukulu zophunzitsa malamulo, poti zambiri zimathandiza anthu mwaulere.

Tinagwirizana kuti tiziitsegula chaka chilichonse m'mwezi umene anagwa kuntchito uja, komanso pakabadwa mwana, tikasamuka dziko, tikasintha ntchito, kapena wina mwa amene tinawasankha akamwalira. Ulendo wapitawu titaitsegula, tinapeza kuti kuntchito kwawo anasintha kampani ya inshuwaransi, ndipo fomu yatsopano inali isanalembedwe dzina la wolandira. Anaitenga m'mawa mwake. Khadi la kuntchito lija analisinthanso: pamzere woyamba pali dzina langa ndi nambala yanga, pamzere wachiwiri pali alamu anga. Pempho la kukhothi la mwana wanga woyamba lidakali m'njira, tapatsidwa tsiku mwezi wamawa, ndipo iye wapempha kuti adzapite nafe.